Belu Anati Amakonda Kuluka

Aliyense amene njinga inamuferapo pa msewu wotsikira kumsika amawadziwa a Sipoko. Amakhala pakona, pansi pa kadenga ka malata akale, pakati pa marimu opindika, matayala otha ndi beseni la madzi akuda loyeseramo machubu. Dzina lawo lenileni linaperepeseka kalekale, moti ngakhale abale awo akafuna kulitchula amayamba akanda kaye m'mutu. Ndi munthu wamfupi, wa dazi lowala, wa zala zonenepa zimene girizi analowerera mpaka sopo anagonja.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, akupopa matayala kwa mmisiri wina amene ankaphunzitsa ndi mbama kuposa pakamwa. Kumeneko ukafunsa kuti "ichi n'chiyani", yankho linkakupeza pakhutu. Choncho a Sipoko anakula osazolowera kufunsa. Anaphunzira kupenya, kuganizira okha, n'kuyesa mpaka chitheke. Pa njinga njira imeneyi inawapindulira. Kumata chubu aliyense amamata, koma kutenga rimu yopanda kanthu, habu ndi mtolo wa masipoko, n'kuluka wilo yozungulira osavina, pamenepo analibe mnzawo. Ntchitoyo ankaitchula choncho, kuluka wilo, ndipo akamaichita ankaiwala ndi njala yomwe.

Mkazi wawo ndiye ankalankhula za anthu awiri. Anali mayi wa nkhani zosatha, woseka mpaka misozi, woti akalowa m'nyumba wailesi inkasowa ntchito. Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ali khanda, mayi ake akabwera naye pakona kudzasiya chakudya, ankalira mokweza ndi mosalekeza mpaka makasitomala anamupatsa dzina loti Belu. M'banjamo ntchito anagawana popanda kukambirana: bambo ankadziwa njinga, mayi ankadziwa mwana. A Sipoko ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo ngakhale Lamlungu masana ankabwerera pakona, poti njinga nazo zimakonda kudwala tsiku lopuma. Akafika kunyumba ankapeza mwana wasamba, wadya, akuoneka bwino, ndipo sankadzifunsa kuti zimenezi zimachitika bwanji.

Kenako mayi a Belu anadwala matenda osachedwetsa, n'kutsamira mkono. Nyumba inangoti zii. Belu, amene tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, anatenga chipewa cha nsalu cha mayi ake n'kuchivala, ndipo sanachivulenso. Kusukulu nacho, pophika nacho, pogona nacho. Aphunzitsi anamulekerera poti ndi wachisoni. A Sipoko ankachiona chipewacho tsiku ndi tsiku n'kumati mumtima, mwina ndiyo fashoni ya atsikana a masiku ano. Mwanayo ankamukonda koopsa, koma akakhala naye patebulo mawu ankathera pa "wadzuka bwanji" ndi "patse mchere". Zotsalazo ankalankhula anali masipuni.

Patapita miyezi ingapo alamu awo anaimba foni. Awa anali mkulu wake wa malemu, mayi wa ana aakazi okhaokha, wokhala m'tauni ina yakutali, ndipo pakamwa pawo sipankadziwa kuzungulira.

"Alamu, sukulu ikatsekera ndikubwera kudzamutenga mwanayo. Mwana wamkazi sangakulire pakati pa matayala."

"Koma alamu, akudya bwinobwino. Sukulu sajomba."

"Mbuzi nayo imadya. Tandiuzani, mwana wanuyo amakonda chiyani?"

A Sipoko anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, anayang'ana sipanala imene inali m'manja mwawo.

"Amakonda tiyi."

Kuseka kumene kunatuluka m'fonimo kunawalasa kuposa kutukwanidwa.

"Chabwino," anatero alamuwo atapuma. "Sindidzamukoka ndi chingwe. Tidzamufunsa mwini wake. Koma akadzati akupita, inu musadzatsekereze pakhomo."

Tsiku limenelo a Sipoko anamata chubu pamalo pamene panalibe bowo. Mantha anawagwira, mantha enieni, oti mkazi wapita, mwana nayenso apita, iwo atsala m'nyumba ndi mipando. Kawailesi kamene kamalendewera pa msomali pakonapo kanachita ngati kamva. Munthu wina wa mawu osalala ankalangiza makolo kuti banja limalimba anthu akamachitira limodzi zimene amakonda: mwana akakonda mpira, bambo thamangani naye; akakonda kuimba, muyankhireni. A Sipoko anakweza kawailesiko mpaka odutsa anatembenuka.

Madzulo patebulo anatsokomola kangapo asanayambe.

"Mayi," anatero, poti ndi mmene ankamuitanira akafuna kufatsa. "Kodi iwe umakonda chiyani? Osati zakudya ayi. Zochita."

Belu anaimitsa sipuni m'malere. Anawayang'ana bambo ake ngati mpando walankhula. Kenako anagwira m'mphepete mwa chipewa chija, n'kuyankha chapansipansi.

"Kuluka."

Anatola mbale n'kupita kukatsuka.

Munthu wina akanafunsa kuti kuluka chiyani. Funso lake ndi lalifupi, silitha n'komwe mpweya. Koma a Sipoko sanaone chofunsira. M'mutu mwawo kuluka kunali kumodzi kokha padziko lonse, ndipo mtima unawagunda ndi chimwemwe. Magazi sanama! Zaka zonsezi mwana wakhala akusirira ntchito ya bambo ake, iwo osadziwa.

Loweruka anamudzutsa m'mawa n'kupita naye pakona. Anamukhazika pa chitini cha penti chovundikira, anamuika rimu pamiyendo, n'kuyamba kufotokoza mawu ochuluka kuposa onse amene anamuuzapo chibadwire. Sipoko iyi ilowe bowo ili, inzake idumphe, idutse pansi pa zinzake. Ukamanga kumanja, umangenso kumanzere, apo ayi wilo ivina. Belu anachita zonse mwaulemu, osadandaula, osamwetulira. Pofika masana manja ake anali bii, ndipo sipoko ina inali itamukanda pachala. Anaika rimu pansi.

"Ababa, ndalakwa chiyani?"

"Walakwa? Ayi, ukuchita bwino. Apa pokha wadumphitsa bowo."

"Ndikunena kuti mukundilanga chifukwa chiyani?"

Mwana anapempha kuti akasambe, a Sipoko anangogwedeza mutu kuvomera, n'kutsala atagwira njakata ndi wilo yosatha.

Pafupi ndi kona ija pamakhala mayi wina wogulitsa matimati ndi anyezi, amene aliyense amangowatcha mayi Matimati. Podikira ogula, zala zawo zimakhala zikuyenda ndi singano ziwiri ndi ulusi. Zonsezi anaziona, poti maso awo saphonya kanthu pa msewu umenewu.

"Bambo inu, mwana wosalakwa mwamuzunziranji chonchi?"

"Anandiuza yekha kuti amakonda kuluka."

Mayiwo anaseka mpaka matimati ena anagubudukira mumsewu.

"Mayo ine! Ndiye inu n'kumupatsa njinga? Kuluka kwa atsikana ndi uku!" Anakweza m'mwamba kasokosi ka khanda kamene kanali pa singano.

A Sipoko anakayang'ana kasokosiko nthawi yaitali. Zaka zonsezi akhala moyandikana ndi mayi ameneyu, akumuona akuluka, koma sizinawadzere kuti mawu awo aja ali ndi mwini wake wina. Ndiye kuti kuluka kulipo kuwiri. Manyazi anawatentha mpaka padazi.

Tsiku lomwelo anagula ulusi wobiriwira ndi singano zolukira, n'kukampatsa mwana. Belu analandira ndi manja awiri, anati "zikomo ababa", koma nkhope yake inali ya munthu amene wapatsidwa mankhwala a matenda amene sakudwala. Anaika zonse pamwamba pa kabati. Zinagona pamenepo, zinadzuka pamenepo.

A Sipoko anasinkhasinkha. Wa pawailesi uja sananene kuti muwagulire, anati muchitire limodzi. Ndiye kuti mwana akudikira bambo ake ayambe. Atazindikira zimenezi anameza manyazi, anapukuta manja pa ovololo, n'kukakhala pa benchi ya mayi Matimati ngati mwana wa sukulu.

Zimene zinaoneka pa msewu umenewo masabata otsatirawo, anthu akuzikambabe. Dzuwa likafika pamutu makasitomala n'kuchepa, a Sipoko ankagwira singano ziwiri ngati akufuna kumasula nazo nati. Zala zimene zimamva sipoko yolefuka ndi kukhudza kokha zinkasochera mu ulusi. Ankakoka mfundo iliyonse mpaka singano yosowa polowa.

"Musamange ngati buleki!" ankakuwa mayi Matimati, akuwaongola zala. "Ulusi umafuna kunyengerera."

Ulusi wobiriwira uja unayamba kukhala ndi mawanga akuda. Amuna a njinga zonyamula katundu ankaima dala kuti aonerere.

"A Sipoko, mwayembekezera kodi? Miyezi ingati?"

"Akabadwa mutiuze, tidzabweretse sopo!"

A Sipoko ankangopitiriza kuluka. Anali atasankha kale choti aluke, ndipo pa chimenechi ankadziona kuti achenjera. Mwana amakonda chipewa. Chimene amavalacho chatha, chada, m'mphepete mwayamba kusosoka. Amulukira chipewa chatsopano.

Madzulo aliwonse akatha kudya ankakhala pabalaza ndi ntchito yawo, atakokera mpando wina pafupi, ataikapo singano za Belu. Tsiku loyamba mwanayo anaima pakhomo la khitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja.

"Ababa, muli bwino?"

"Ndili bwino. Khala apa."

Anakhala, atasuntha singano zija, manja atawapanikiza pansi pa ntchafu. Anaonerera bambo ake akulimbana ndi ulusi, lilime lili panja, thukuta likutsika. Patapita kanthawi anati ali ndi homuweki. A Sipoko anatsala akudzifunsa kuti alakwitsa pati, poti zonse zimene wailesi inanena anachita.

M'mawa wina anapeza chinthu chimene chinawasokoneza mutu kotheratu. Kumsana kwa mpando umene malemu ankakonda kukhalapo kunali kutamangiriridwa tizidutswa titatu ta ulusi uja, titapiringizana bwinobwino mpaka kukhala kachingwe kosalala, kofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mawa lake panali kena. Si sokosi, si chipewa, si juzi. Ndiye kuti mwana ulusi akuugwira, koma singano sakuzifuna. Kodi pali kuluka kwachitatu? Kwa zingwe? Kwa madengu? Kwa mphasa? Tsiku lina anatsikira kumsika n'kukaima pamaso pa woluka madengu, akupenyetsetsa zala zake, mpaka munthuyo anafunsa ngati akugula kapena akufuna kumulodza. Anabwerera mutu uli zweee. Kachingwe kamodzi anakatenga n'kumangira mpope pa njinga yawo, poganiza kuti mwana akondwa kuona ntchito yake ikuthandiza. Belu atakaona nkhope inagwa.

Safunsa anadya phula. Mwambi umenewu a Sipoko ankaudziwa, ndipo ankakonda kuwauza anthu amene abwera ndi njinga imene ayamba aiononga okha kunyumba. Koma kufunsa tsopano kunali kuvomera kuti alamu ananena zoona, kuti iwo ndi bambo wosadziwa mwana wake. Anasankha kudya phula.

Chimene sankadziwa n'chakuti Belu nayenso anali ndi zake zomuzunguza. Pochokera kusukulu ankadutsa pakona paja, n'kumaona bambo ake ali pa benchi imodzi ndi mayi Matimati, mitu itagundana, mayiwo atawagwira zala. Tsiku lina patebulo anafunsa, maso ali m'mbale.

"Ababa, mayi Matimati akabwera, mpando wa amayi tidzauchotsa?"

"Akabwera kuti?"

"Kuno."

"Kudzatani?"

"Palibe."

A Sipoko anatafuna funsolo usana wonse wa mawa lake osalimvetsa. Mwina mwana akufuna mphunzitsi weniweni, osati iwo? Pobwerera kunyumba anapeza chikwama chachikulu chatsitsidwa pamwamba pa wadiropu, chapukutidwa fumbi, chili pakhonde kuti chiwombedwe mphepo. Chimenechi chokha anachimvetsa popanda womasulira. Anayamba kuluka mofulumira, akuphonya mfundo, akumasula, akuyambiranso, ngati kuti chipewacho chikatha msanga chikwama chibwerera pamalo pake.

Sukulu inatsekera. Alamu anaimbanso kunena kuti basi yawo ifika masana. M'mawa wa tsiku limenelo a Sipoko sanapite pakona, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire kupatula pa maliro. Chikwama chinali pafupi ndi chitseko, chodzaza, chotseka. Belu anali atasesa nyumba yonse, atawasiyira bambo ake mbale zotsuka ndi machesi pamalo oonekera.

Chipewa chinali chitatha. Kunena chilungamo, chinkaoneka ngati chisa cha mbalame chimene chagwa mumtengo. Mbali ina chinali chachitali, mbali ina chachifupi, pamwamba pali kansonga kamene palibe anakaitana, ndipo paliponse panali zidindo za zala.

"Mayi, tabwera."

Anachipereka ndi manja awiri.

"Ndaluka ndekha. Ndimati tilukire limodzi, koma mwina ndachedwa kudziwa. Unati umakonda kuluka. Wilo ndayesa, ulusi ndayesa. Madengu ndiye ndinangoona, sindinagwire." Anayang'ana chikwama chija. "Ngati ukupita, pita nacho. Akuti kumeneko kumazizira."

Belu anachitembenuza chipewacho uku ndi uku. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana singano zimene zinali pampando.

"Ndiye mayi Matimati aja?"

"Ndi aphunzitsi anga. Amakalipa koopsa."

Mwanayo anaseka. Kunali kuseka kwa mayi ake kwenikweni, kokweza, kopanda mabuleki, kumene nyumbayo inali itakuiwala. A Sipoko sanadziwe ngati akusekedwa iwo kapena chipewa, koma nawonso anayamba kumwetulira. Asanamalize kumwetulirako anaona kuti kuseka kwasanduka kulira, mapewa akugwedezeka, ndipo anasowa pogwira. Kenako Belu anakweza manja n'kuvula chipewa cha nsalu chija.

Tsitsi linali litakula, litagwirana, litatuwa. Koma mkati mwa chipwirikiticho munkaonekabe mizere, yochokera pamphumi kupita kunkhongo, umodzi wokhotera mwaluso kuseri kwa khutu. Inali yakale, yofutukuka, yotsala pang'ono kuzimirira.

"Ndimanena tsitsi, ababa. Lamlungu lililonse masana, inu mukapita pakona. Amayi ankandiluka ine, ine n'kuwaluka iwo. Iyi anandiluka asanapite kuchipatala."

A Sipoko anakhala pansi. Mizere imeneyi anaiona zaka ndi zaka pamutu pa mwana ndi pa mkazi wawo, ikusintha sabata ndi sabata, ngati mmene munthu amaonera denga la nyumba yake, osaganiza kuti pali amene anakhoma. Chisoni chinawagwira, cha mkazi wawo, cha mwana, ndi cha ma Lamlungu onse aja amene anawapereka kwa njinga za eni.

"Bwanji sunanene?"

"Ndinanena. Ndinati kuluka."



"Nanga aneba? Akanakuluka."

"Akanayamba n'kumasula." Belu anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ikuyabwa, ababa. Pena ikupweteka. Koma ndikamasula ndiye kuti basi."

A Sipoko anadzuka n'kutuluka panja. Mwanayo anaganiza kuti akhumudwa, koma anamva madzi akukhuthuka kuseri. Ankasamba m'manja. Anapaka sopo, anatsukuluza, anapakanso, anakwecha ndi mchenga, anatokosa m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi. Girizi wa zaka zonsezo sanachoke yense, koma anachepa. Atalowa anaima pafupi ndi mpando wa malemu, akuopa kukhalapo.

"Ine sindidziwa," anatero. "Koma ukandiuza pogwira, ndigwira. Ukapanda kufuna, sindikhudza. Ukufuna?"

Belu anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiyambire pati?"

Chipeso ndi mafuta zinali pansi penipeni pa chikwama. Kuti azipeze anachita kutulutsa madiresi, mabuku, nsapato, zonse mbwee pansi. Anawakhazika bambo ake pampando uja, iye n'kukhala pansi pakati pa mawondo awo, ngati mmene ankakhalira ndi mayi ake.

Kumasula kunatenga m'mawa wonse. A Sipoko ankatokosa ndi nsonga ya chipeso pang'onopang'ono, akupaka mafuta, akupuma ngati munthu wonyamula mazira. Apa? Chonchi? Ndikupweteka? Ndisiye kaye? M'mawa umodzi umenewo anafunsa mafunso ochuluka kuposa a moyo wawo wonse, ndipo palibe mbama imene inabwera. Tsitsi limene linkathothoka Belu ankalitola n'kuliika m'chipewa cha nsalu chija. Mzere womaliza, wokhotera kuseri kwa khutu uja, anati amasula yekha. Bambo ake anayang'ana kumbali mpaka anamaliza.

Atatsuka mutu m'beseni n'kuumitsa, anatenga tizidutswa titatu ta ulusi wobiriwira, n'kutimangirira kumsana kwa mpando.

"Onani. Ka kumanja kabwere pakati. Ka kumanzere kabwere pakati. Basi."

A Sipoko anaona kachingwe kakubadwa m'zala za mwana wawo, n'kukumbukira mpope wa njinga. Anatsokomola.

"Ndiye ndi ngati masipoko. Kumanja, kumanzere."

"Ababa, mutu wanga si wilo. Aaa! Musamange!"

Ndipo mutu uli wowerama choncho, osayang'anana ndi munthu, Belu anayamba kulankhula. Anafotokoza za mphunzitsi wa masamu amene amagona akulemba pa bolodi, za mnzake amene anamulanda pensulo n'kumubwezera theka, za mmene amayi ankaimbira molakwitsa mawu dala kuti iye awakonze. A Sipoko ankangoti "eya", "kenako?", chipeso chili pakamwa. Sanadziwe kuti mwana ameneyu ali ndi nkhani zochuluka chonchi, ndipo zinawadabwitsa kuti zinkangodikira kuti munthu amugwire tsitsi.

"Vuto ndi inuyo," anatero Belu akusuzumira m'mwamba. "Mulibe choti ndikulukeni."

"Ndisunga ndevu."

Alamu anawapeza akadali pomwepo. Anaima pakhomo, kachikwama kali kukhwapa, n'kuona zovala zili balala pansi, madzi atayikira pasimenti, mwamuna wa dazi ali ndi chipeso pakamwa. Kenako anaona mutu wa mwana. Mzere wina unali wonenepa ngati chala, wina wowonda ngati chingwe cha nsapato. Wina unayambira pamphumi n'kukathera pakhutu. Pakati panali katsitsi kena kamene kanaiwalika, kataima kokha.

"Mayo! Wakuchita zimenezi ndani?"

"Ababa."

"Bwera kuno mwanawe, ndikumasule, ndikuluke za anthu. Sungakwere basi chonchi."

Belu anaika manja onse awiri pamutu.

"Ayi, amayi aakulu. Musamasule."

"Izi sizitha n'komwe sabata!"

"Ndikudziwa. Zimasuka zokha. Ndiye Lamlungu ayenera kulukanso." Anayang'ana bambo ake. "Sanadziwebe, amayi aakulu. Ine ndikapita, aphunzirira pa mutu wa ndani?"

Maso a alamuwo anagwera pa chipeso chija, chothyoka dzino limodzi, chimene ankachidziwa bwino poti chinali cha mng'ono wawo. Anagwera pa chipewa cha nsalu chimene chinali pansi, ndi zimene zinali mkatimo. Anaika kachikwama patebulo, anapukuta m'maso mwachangu ngati mwalowa kachitsotso.

"Alamu, chipeso sagwira ngati sipanala. Tasunthani ndikuonetseni pogawa. Koma mzerewo mumaliza nokha, ine manja atopa ndi ulendo."

A Sipoko anasuntha, koma mtima unali udakali m'malere. Anali atalakwitsa kumva kawiri konse, ndipo sanafune kulakwitsa kachitatu. Anachotsa chipeso pakamwa.

"Pepani alamu, ndifunse nawo. Ndiye akupita, kapena sakupita?"

"Bambo inu, makutu anuwo ndi a chiyani kodi?"

"Sindikupita, ababa," anatero Belu, mutu uli chiweramire. "Malizani, khosi likuwawa."

Alamu anagona, mawa lake anakwera basi okha, atasiya malangizo okwanira chaka chonse.

Masiku ano mukadzera pakona paja Lamlungu masana mupeza malata atsekedwa ndi unyolo. A njinga zonyamula katundu amadandaula, ena amati a Sipoko anayamba kunyada. Chipewa chobiriwira chija amavala okha padazi kukazizira, ndipo mayi Matimati amakana pamaso pa anthu kuti sanaphunzitse ndi iwo. Ndevu zamera, zaimvi, zokwanira timizere tiwiri tating'ono, timene amatimasula Lolemba m'mawa asanapite kuntchito, kupatula tsiku limodzi limene anaiwala ndipo msewu wonse unaona. Mizere ya pamutu pa Belu ikadali yokhota. Mwini wake akuti sakufulumira.